Mayi wa m'chikuta akafika kukhoti, tikulanga ndani?

 Ndikulemba ndili m'kachipinda kanga ku Al Muntazah, nditangoweruka ntchito ya usiku, ndipo tulo tandithawa chifukwa cha mkangano womwe tidali nawo Lachisanu lapitali. Paja kuno Lachisanu ndi tsiku lopuma, choncho ife a Malawi ochepa okhala mbali ino timakumana kupaki ya Rawdat Al Khail dzuwa likapepa, wina atabwera ndi mandasi, wina tiyi. Tsikulo mlongo wina adatiwerengera pafoni nkhani ya kumudzi: apolisi agwira mayi yemwe waponya khanda lake m'chimbudzi. Asadamalize n'komwe kuwerenga, chigamulo chidali chitaperekedwa kale. Wina adati mayiyo ndi mfiti. Wina adati akafere kundende. Bambo wina wachikulire, munthu waulemu wake, adati boma lidalakwa kusiya kunyonga anthu.

Ine ndidangofunsa funso limodzi: kodi mwanayo adali ndi masiku angati, ndipo alipo amene adamuyeza mayiyo mutu? Anthu adandiyang'ana ngati ndikuikira kumbuyo wakupha. Nchifukwa chake ndati ndilembe pano, pomwe munthu angayankhule osadulidwa pakamwa.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga, chifukwa sindikufuna kuoneka ngati wolungama. Nditangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, ndidagwira ntchito pachipatala china cha boma m'chigawo cha kummwera. Kuwodi ya amayi ochira kudabwera mtsikana wina, mwana wake woyamba, ndipo adabereka bwinobwino. Adatsalira masiku angapo chifukwa mwanayo adali ndi chikasu. Usiku wachitatu mtsikanayo sadagone. Ankayala ndi kuyalula zitenje, kuimba nyimbo za kutchalitchi, kenako adabwera patebulo panga n'kundinong'oneza kuti, "Anesi, mwana uyu si wanga, amusintha. Tamuonani maso." Ine ndidaseka, n'kumuuza kuti akagone. Amayi ake, omwe adali gadiyani, adati, "Musadandaule anesi, ndi chisangalalo cha mwana woyamba." M'fayilo ndidalemba kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi, ndi kuti chiberekero chabwerera bwino. Za mawu aja sindidalembepo chilichonse. Patatha sabata ziwiri tidamva kuti mwana adapezeka m'chitsime ndipo mayi ali m'manja mwa apolisi. Wapolisi atabwera kudzafunsa fayilo, fayiloyo inkanena kuti mayiyo adatuluka ali bwino. Dzanja lolemba lidali langa.

Zimene ndidaona usiku uja zili ndi dzina. Achipatala amati postpartum psychosis, ndiko kusokonezeka mutu kobwera mayi atangobereka. Tisasakanize zinthu zitatu. Choyamba ndi kulira ndi kukhumudwa kopanda chifukwa komwe kumagwira amayi ambiri pa tsiku lachitatu kapena lachisanu. Kumatha kokha sabata ziwiri zisadakwane. Chachiwiri ndi matenda okhumudwa, omwe amakhalitsa miyezi: mayi sasangalala ndi kanthu, amadziona wolephera, nthawi zina amaganiza zodzipha. Bungwe la WHO limati amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amavutika maganizo akabereka, ndipo m'maiko osauka amafika pafupifupi 20 pa 100. Kwathu komwe, kafukufuku wa Dr Robert Stewart ndi anzake pakati pa amayi obwera ndi ana kusikelo ku Thyolo, yemwe adasindikizidwa mu 2010, adapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu adali ndi vuto la maganizo. Chachitatu ndicho kusokonezeka mutu kuja. Kumagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse, kawirikawiri m'sabata ziwiri zoyamba. Mayi sagona, amayankhula mosalekeza kapena kungoti duu, amamva mawu omwe ena sakumva, amakhulupirira zinthu zomwe palibe. Choopsa chake n'chakuti matendawa amabwera n'kuchoka ngati mtambo: m'mawa mayi akukuyankhani bwino, madzulo sakudziwa komwe ali.

Ku Malawi kumabadwa ana oposa 600,000 pachaka. Werengerani nokha: ndiye kuti amayi mazanamazana chaka chilichonse amasokonezeka mutu motere. Ochuluka a iwo sapweteka mwana, ndipo amene ali pangozi yaikulu nthawi zambiri ndi mayi mwiniwake. Akalandira mankhwala msanga amachira. Ndikunena izi kuti wina asayambe kuopa mlamu wake chifukwa walira m'chikuta.

Tsopano tibwere ku lamulo, pakuti apa ndi pomwe anzanga a kupaki adadabwa. Iwo ankaganiza kuti ndikupempha chifundo chachilendo, chochokera kwa azungu a masiku ano. Ayi. Malamulo athu a milandu, Penal Code, adavomereza kalekale kuti kubereka kungasokoneze mutu. Ndime 230 imati mayi akapha mwana wake wosakwana miyezi 12, pa nthawi yomwe maganizo ake adasokonezeka chifukwa sadachire ku ubereki kapena chifukwa cha kuyamwitsa, mlandu wake si wakupha mwadala. Ndi mlandu wina, infanticide, ndipo amalangidwa ngati wopha munthu mosakonzekera. Mawu a ndimeyi tidatengera ku lamulo la ku England la 1938, lomwe lidalowa m'malo mwa lina la 1922. Angerezi adalipanga chifukwa oweruza adatopa ndi kugamula kuti amayi otere anyongedwe, chigamulo chomwe aliyense ankadziwa kuti sichichitika. Palinso ndime 12, yomwe imati munthu alibe mlandu ngati matenda a mutu adamulepheretsa kuzindikira zomwe akuchita kapena kudziwa kuti sayenera kuzichita. Ndimeyi mizu yake ndi mlandu wa Daniel M'Naghten wa ku London mu 1843.

Choncho funso silakuti kaya lamulo lizindikire matendawa. Lidawazindikira agogo athu ali ana. Funso ndi lakuti lamuloli likugwira ntchito kwa yani, ndipo apa ndili ndi madandaulo atatu.

Dandaulo loyamba ndi lakuti ndime 230 idalembedwa ndi nzeru za m'ma 1930. Imanena za kuyamwitsa ngati chosokoneza mutu, chikhulupiriro chomwe madotolo adachisiya. Imateteza mayi pa mwana wosakwana chaka yekha. Tiyerekeze mayi wasokonezeka mutu sabata ziwiri atabereka, ndipo mawu a m'mutu mwake amuuza kuti apulumutse ana ake onse ku dziko loipa. Akapha khanda, ndi infanticide. Akapha mkulu wake wa zaka zitatu, tsiku lomwelo, mutu womwewo, ndime 230 siimuteteza, ndipo ndime 12 khomo lake ndi lopapatiza. Matenda ndi amodzi, koma lamulo likuwerenga zaka za mwana m'malo moyeza mutu wa mayi.

Amene akufuna kuona kupapatiza kwa khomo limeneli akumbukire Andrea Yates wa ku Houston, ku Texas, komwe kulibe lamulo la infanticide. Ndimamukumbukira chifukwa adali namwino ngati ine. Pa 20 June 2001 adamiza ana ake asanu m'bafa, wamkulu wa zaka 7, wamng'ono wa miyezi 6, n'kuimbira apolisi yekha. Mu 1999, atabereka mwana wachinayi, adadwala mutu, adayesa kudzipha kawiri, adagonekedwa m'chipatala, ndipo dotolo adachenjeza kuti akaberekanso matenda adzabwerera. Adaberekanso. Masabata ochepa ngoziyo isadachitike, adamusiyitsa mankhwala a haloperidol. Mbiri yonseyi idali m'mafayilo, komabe mu 2002 khoti lidamupeza wolakwa n'kumupatsa ndende ya moyo wonse, oimira boma akufuna kuti aphedwe. Mfundo yawo idali yakuti poti adaimbira apolisi, ankadziwa kuti walakwa. Mu 2005 chigamulocho chidafafanizidwa chifukwa katswiri wa boma, Dr Park Dietz, adauza khoti za gawo la sewero la pa TV la Law & Order loti likufanana ndi nkhaniyi, pomwe gawolo kudalibe. Mu July 2006 khoti lina lidati alibe mlandu chifukwa cha misala, ndipo adamutumiza kuchipatala cha matenda a mutu. Ngati mayi wokhala ndi mafayilo odzaza, maloya ndi akatswiri adadikira zaka zisanu kuti matenda ake amveke, nanga mtsikana wanga uja, yemwe fayilo yake inkati ali bwino?

Limenelo ndi dandaulo lachiwiri, ndipo ndi lalikulu. Lamulo likufuna umboni wa mmene mutu udaliri pa tsiku la ngozi. Umboni umenewu umaola msanga. Mayi akagwidwa amakhala m'chitolokosi, kenako pa rimandi ku Chichiri, ku Maula kapena ku Mzuzu. Akadzafika pamaso pa woyeza mutu, miyezi itadutsa, mtambo uja udachoka. Akuyankha bwino, akudziwa tsiku ndi dzina la mfumu yake, ndipo lipoti likuti angathe kuyankha mlandu. Koma kutha kuyankha mlandu lero ndi nkhani ina, mmene mutu udaliri tsiku lija ndi nkhani inanso. Dziko lonse limadalira chipatala cha Zomba Mental ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pamodzi ndi anamwino ochepa a matenda a mutu m'zipatala za m'maboma. Mayi wa kumudzi wopanda loya, wamanyazi, wodzida yekha, akafunsidwa ngati akuvomera mlandu amangoti "ndikuvomera". Palibe womufunsa kuti adagona liti komaliza, kapena ngati ankamva mawu. Zikatero ndime 230 ili m'buku, koma mayiyo sidamufike. Chilango chimasanduka mwayi: wokumana ndi wapolisi kapena woweruza wachidwi apulumuka, winayo ayi.

Dandaulo lachitatu ndi chilango chenichenicho. Kupha mosakonzekera kumatha kufika mpaka ndende ya moyo wonse. Ku England, komwe tidabwereka lamuloli, amayi opezeka ndi mlandu wa infanticide kawirikawiri satumizidwa kundende; amalamulidwa kulandira chithandizo ndi kuyang'aniridwa. Ife tidabwereka mawu n'kusiya mchitidwe. Koma njira ilipo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court idagamula kuti chilango cha imfa chisamakhale chokakamiza, ndipo woweruza aziona mmene munthu aliyense adalakwira ndi mmene adaliri. Akaidi ambiri atamvedwanso kuyambira 2015, matenda a mutu adali m'gulu la zifukwa zowachepetsera chilango. Mu 2010 bungwe la United Nations lidakhazikitsa malamulo otchedwa Bangkok Rules, olimbikitsa zilango zosakhala ndende kwa amayi. Mu 2018 boma la Illinois ku America lidaika m'lamulo kuti matenda a maganizo obwera mayi atabereka aziganiziridwa popereka chilango. Si zachilendo zomwe ndikupempha.

Tsopano ndimve mbali ya bambo aja a kupaki, chifukwa mfundo yawo si yopusa. Iwo adati, "Mayi, mukatero mtsikana aliyense wotaya mwana adzati ndidapenga. Nanga mwanayo womuyankhulira ndani?" Zoonadi, bambo. Mwana ndi munthu, ndipo imfa yake siyenera kudutsa ngati ya nkhuku. Ndikuvomerezanso kuti si mayi aliyense wotaya khanda amene ndi wodwala. Dr Phillip Resnick wa ku America adaonetsa mu 1970 kuti kupha mwana m'maola 24 oyamba ndi nkhani yosiyana: kawirikawiri ndi mtsikana wamng'ono, wobisa mimba, wobereka yekha, ndipo nthawi zambiri sakhala wosokonezeka mutu. Chomukankha ndi mantha ndi manyazi. Ife okhala kuno tidaona mbali imeneyi pa 2 October 2020, pamene khanda lamoyo lidapezeka litatayidwa m'chimbudzi pabwalo la ndege la Hamad International. Amayi okwera ndege zingapo adatsitsidwa n'kuyezedwa mokakamiza, dziko la Australia lidakwiya, ndipo boma la Qatar lidapepesa. Kuno kugonana kunja kwa banja ndi mlandu, ndiye mungamvetse mantha a mtsikana wantchito akazindikira kuti ndi woyembekezera. Kwathu si ndende yomwe amaopa, koma kuchotsedwa sukulu, kukanidwa ndi mwamuna, ndi kudulidwa kumpingo.

Mtsikana wotere ali ndi mlandu woyankha, ngakhale kuti mwamuna wothawa mimba uja nayenso ndikadakonda atamaitanidwa. Koma taonani, bambo, kuti mfundo yanu ndi yanga zikukumana pa chinthu chimodzi: kuyeza. Ngati mukuopa onamizira misala, njira yowagwira ndi kuwayeza msanga, ndi munthu wodziwa, yemwe afunsenso gadiyani, mwamuna ndi anansi. Kunamizira postpartum psychosis kwa masiku angapo pamaso pa namwino wozolowera si chinthu chapafupi. Kusayeza sikugwira onama. Kumangotsekera odwala ndi osadwala m'chipinda chimodzi.

Ndipo tidzifunse kuti chilango n'chachiyani. Timalanga kuti ena aope. Mayi amene akumva mawu omuuza kuti mwana wake ndi njoka sawerenga nyuzipepala kuti aone zaka zomwe mnzake adapatsidwa. Timalanga kuti titeteze anthu. Chomuteteza mwana wotsatira ndi mankhwala ndi kuyang'anira, chifukwa mayi amene adadwalapo matendawa ali pa chiopsezo chachikulu chodwalanso akaberekanso. Ndende yosachiza imangomubweza kumudzi ali chimodzimodzi. Timalanga kuti wolakwa amve kuwawa. Ndagwirapo ntchito ndi amayi ochira ku matendawa, omwe sadapweteke n'komwe mwana, ndipo tsiku lowawitsa si la kudwala koma la kutsitsimuka, akamakumbukira zomwe ankaganiza. Mayi wotsitsimuka n'kupeza kuti mwana kulibe, ndipo dzanja lidali lake, woweruza angamuonjezere chiyani?

Pali chinthu china chomwe ndaphunzira kuno. Anzathu Achiarabu amasunga masiku 40 mayi akabereka. Amabwerera kwa amayi ake, saphika, sakhala yekha. Anamwino anzanga a ku Kerala ndi ku Philippines amandiuza zofanana. Ifenso tidali ndi chikuta: mayi ankakhala m'nyumba ndi agogo kapena azakhali mpaka mchombo ugwe, ndipo masiku amenewo ndi omwewo omwe matendawa amakonda kuyamba. Makolo sankadziwa dzina la Chingerezi, koma maso adalipo. Lero mayi amatuluka m'chipatala tsiku limodzi atachira, n'kupita kukanyumba ka lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, mwamuna ali ku Joni, apongozi ali kumudzi. Ndipo ngakhale maso atakhalapo, nthawi zambiri timathamangira kwa sing'anga kapena kumapemphero a usiku, poganiza kuti walodzedwa kapena ndi ziwanda. Sinditsutsa pemphero, inenso ndimapemphera. Koma mayi wosagona usiku wachitatu akufunika chipatala tsiku lomwelo, monga mmene timathamangira akamataya magazi.

Nanga tichite chiyani? Kwa aphungu ndi a Law Commission: ndime 230 ikonzedwe, mawu a kuyamwitsa achoke, ana ena a mayi yemweyo aganiziridwe, ndipo chithandizo chikhale choyamba pamene matenda atsimikizika. Kwa apolisi: mayi aliyense wogwidwa pa imfa ya mwana wake chaka chisadathe chiberekere ayezedwe mutu m'masiku oyamba, osadikira kuti loya apemphe. Kwa atolankhani ndi ife otumizirana zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook: nkhope ya mayi wosayezedwa isamwazidwe ngati ya mbava ya mbuzi. Kwa anamwino anzanga, a kumudzi ndi a kunja: funsani mayi aliyense kuti wagona bwanji ndipo akuganiza zotani, pa sabata yoyamba ndi pa sabata yachisanu ndi chimodzi. Mafunso oyezera maganizo a amayi adamasuliridwa kale m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ndipo zomwe mwamva lembani, mawu ake enieni. Mzere umodzi m'kabuku ka kuchipatala ungapulumutse mwana, ndipo ukalephera kutero ungauze woweruza zoona.

Kwa ife a kunja, omwe timatumiza ndalama za matewera ndi mabulangete mlongo akachira kumudzi: tikaimba foni tisamangofunsa kuti mwana akulemera bwanji ndipo wafanana ndi yani. Tifunse mayiyo. Tifunse amene akugona naye m'nyumba. Tikamva kuti sakugona, akuyankhula zosamveka, kapena akumukana mwana, ndalama ya thiransipoti ipite tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi khanda mpaka ataonedwa. Zimenezi zikukhudzanso akazi athu obereka kuno, ku Johannesburg kapena ku Leeds, kutali ndi azakhali.

Mtsikana uja ndimamukumbukira nthawi zonse ndikamalemba fayilo. Adandiuza matenda ake m'mawu omveka bwino, m'Chichewa chathu chomwe, pakati pa usiku, ine ndili maso ndi cholembera m'manja. Amene adaimirira m'khoti adali iye yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lachisanu likubwerali ndidzakhalanso kupaki, ndipo bambo aja ndawalonjeza tiyi kuti tipitirize.

Ndatha ine mlongo wanu,
Namwino wa ku Al Muntazah, Doha